Ndolo ya pamchombo isasinthidwe bala lisanapole mkati

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi atsikana komanso makolo anzanga kudzera pa tsamba lanu la makalata. Ine ndine telala kuno ku Zomba, ndakhala pa makina zaka 22, ndipo ntchito yanga yambiri ndi zovala za maukwati, zinkhoswe ndi ma bridal shower. Wosoka amaona zimene mayi wobereka saona. Ndikamazunguliza tepi m'chiuno mwa mtsikana, nthawi zina amadzidzimuka n'kugwira pamimba, kenako n'kundinong'oneza kuti, "Anti, pang'onopang'ono, ndinaboola mchombo." Kale mawu amenewa ndinkawamva mwa apo ndi apo. Masiku ano mwezi sutha ndisanawamve.

Zoti kuboola mchombo n'koyenera kapena ayi ndikusiyira mabanja ndi mipingo. Agogo athu ankatema mphini, amayi a Chiyao amavala chipini pamphuno, ndipo ambirife anatiboola makutu tisanadziwe n'kuyenda komwe. Chandilembetsa kalatayi ndi changu chimene atsikana ali nacho chochotsa ndolo yoyamba ija n'kuvala ina yokongola bala lidakali laliwisi. Ndaziona pakhomo panga penipeni.

Ndimakhala ndi mwana wa mng'ono wanga, mtsikana wa zaka 20 amene ali pa koleji. Anaboola mchombo kumayambiriro kwa Disembala atangomaliza mayeso, ine osadziwa. Anamuika kachitsulo kokhota kopanda zokometsera, kokhala ndi timipira tiwiri, kena pamwamba kena pansi. Kumapeto kwa Januwale kunali bridal shower ya mnzake, ndipo chovala chimene anagwirizana chinali bulauzi yaifupi yoonetsa pamimba. Pamenepo n'kuti patatha masabata 7 okha. Anadziyang'ana pagalasi, anaona kuti kufiira kwatha, sipakupweteka, basi anati papola. Anagula ndolo yolendewera ya timiyala tonyezimira pa kashopu kena m'tauni, nadzitsekera kuchipinda. Yakale inatuluka bwinobwino. Yatsopano inakana kulowa. Anaikankha mpaka inatulukira, magazi akutuluka, anapukuta n'kupita kuphwando.

Ndinadziwa patatha masiku 9, nditaona banga lachikasu pa bulauzi yake yoyera ndikuchapa. Nditamuitana kuchipinda n'kumuuza kuti akweze malaya, mtima unandisweka. Mchombo unali wotupa, wotentha ukaukhudza, mafinya obiriwirako akutuluka ndi fungo, ndipo khungu lozungulira linali ndi tizidzolo toyabwa. Masiku onsewo ankathirapo sipiriti m'mawa ndi madzulo, usiku n'kupakapo mankhwala otsukira mano chifukwa mnzake wina anamuuza kuti amaumitsa bala. Dzanja langa linathamangira kuti ndichotse ndoloyo pompo. Mwamwayi iye anakana chifukwa cha ululu, ndipo tinapita kuchipatala. Adokotala anatiuza kuti tachita bwino kusaichotsa tokha, chifukwa pakamwa pa bowo pakatsekeka mafinya amatsekeredwa mkati n'kusanduka chithupsa chofunika kung'amba. Anamupatsa mankhwala akumwa, namuletsa sipiriti ndi zopakapaka zonse. Kutupa kutachepa tinafunafuna munthu wodziwadi ntchito yoboola, amene anachotsa ndolo yolendewera ija n'kuikapo kachitsulo ka titanium kamene tizilombo take tinali titaphedwa kale. Anatiuza kuti tiyambirenso kuwerenga miyezi kuchokera tsiku limenelo.

Chimene chimanamiza atsikana ndi khutu. Kunsi kwa khutu kumapola m'masabata 6 mpaka 8, ndiye amaganiza kuti mchombo nawo ndi chimodzimodzi. Mchombo umatenga miyezi 6 mpaka 12, ndipo kwa ena chaka chimadutsa. Zifukwa zake n'zoonekeratu ukaganizira tsiku la mzimayi wa kuno kwathu. Timachapa chowerama, timasesa ndi tsache lalifupi, timakolopa, timakhala mopindika mu minibasi. Nthawi iliyonse ukawerama mimba imapinda pamchombo pomwepo ndipo kachitsulo kamasuntha. Chitenje timamanga pomwepo, batani la jinzi limakanikiza pomwepo, mikanda ya m'chiuno imakodwa pomwepo. Kukafika Okutobala thukuta limatsikira m'kadzenje ka mchombo n'kukhalamo. Khutu silikumana ndi zonsezi.

Chachikulu kwambiri, chimene ndikufuna mtsikana aliyense achimvetse, n'chakuti bala limeneli silofanana ndi lodzicheka ndi mpeni, limene limangotsekeka. Apa thupi likupanga kanjira kozungulira chitsulo, ndipo liyenera kuyala khungu latsopano mkati monsemo. Ife osoka timati jekete silinathe ngati mkati simunalowe nsalu yake yofewa ija, ngakhale kunja litakongola bwanji. Khungu latsopanolo limayambira pakamwa pa mabowo awiri, wapamwamba ndi wapansi, n'kumapita pakati pang'onopang'ono. Ndiye mbali imene maso amaona ndi imene imayamba kupola, pamene pakati padakali nyama yaiwisi. Ngakhale khungu lija litakumana pakati, limayamba lili lopyapyala ngati kakhungu ka mkati mwa chikhokhombe cha dzira, ndipo limafuna miyezi inanso kuti likhwime. Ukakankhamo chitsulo china nthawi imeneyo umaling'amba, n'kulowetsamo tizilombo tochokera m'manja ndi pa ndoloyo. Mwana wanga anachita zimenezi ndendende.

Tikabereka, palibe mzimayi amene amakoka mchombo wa khanda kuti ugwe msanga chifukwa alendo akubwera kudzaona mwana. Timakhala m'chikuta mpaka ugwe wokha. Nzeru imeneyi tili nayo kale, koma ikafika pa ndolo timaiiwala.

Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti papola? Kalendala yokha siyokwanira, ngakhale miyezi 6 isanakwane palibe n'chifukwa choyesera. Chizindikiro chimene ine ndinaphunzira kuchikhulupirira kuposa zonse ndi timadzi. Bala likamapola limatulutsa timadzi toyererako kapena tachikasu pang'ono, timene timauma n'kukhala tinkhanambo pa timipira tija. Si mafinya, ndipo musachite nato mantha. Koma tikamatulukabe, dziwani kuti mkati ntchito idakalipo. Mchombo wopola umakhala wouma m'mawa uliwonse, osati masiku atatu okha, koma masabata angapo otsatizana. Ndikunena chonchi chifukwa bala limeneli limakhala ndi masiku abwino ndi oipa. Mwana wanga pa mwezi wachisanu anakhala masabata awiri pali mbee, tinasangalala, kenako anavala siketi yothina tsiku limodzi lokha timadzi tinayambiranso.

Yang'ananinso m'mphepete mwa mabowo. Popola, khungu la pakamwa pa bowo limakhala losalala, lopindikira mkati, ngati bowo la kukhutu la munthu wamkulu amene anaboola ali mwana. Mtundu wake umafanana ndi khungu lozungulira. Kwa ife akhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho samalani ndi malo amene ada kwambiri, akunyezimira, kapena akutentha ukayerekeza ndi mbali ina ya mimba. Mukasamba m'manja n'kukanikiza pang'ono khungu la pakati pa mabowo awiri lisapweteke, lisakhale lolimba ngati muli kambewu. Posamba, kachitsulo kazitha kusuntha kokha m'mwamba ndi m'munsi popanda kuluma kapena kugwira. Malaya akakhudza mwangozi musamadzidzimuke. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, dikirani mwezi wina. Amayi anga akanati sunga khosi, mkanda woyera udzavala, ndipo ndolo imene mwagula siola m'kabati.

Pali nthawi imene kachitsulo koyamba kamayenera kusinthidwa msanga. Woboola amaika kotalikirapo kuti pakhale malo a kutupa, ndipo kutupa kukatha kangayambe kukodwa m'zovala, ndiye amaikapo kafupiko. Kapena thupi likakana mtundu wa chitsulocho. Koma zimenezi amachita ndi iyeyo, atavala magolovesi, ndi chitsulo chimene tizilombo take taphedwa kale, osati inu kuchipinda ndi galasi la m'manja.

Za chitsulo ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa tizidzolo toyabwa ta mwana wanga sitinabwere ndi mafinya aja. Ndolo zambiri zotchipa zili ndi chitsulo chotchedwa nickel, chimene khungu la anthu ambiri limadana nacho. Amene munatupapo makutu ndi ndolo za pamsika, kapena kuchita zidzolo pamene batani la jinzi limakhudza pamimba, mukudziwa chimene ndikunena. Zina amangozipaka utoto wa golide umene umasuluka ndi thukuta. Zoyenera bala ndi titanium, kapena golide weniweni wa makarati 14 kupita m'tsogolo. Kukula kwake nakonso n'kofunika. Kachitsulo ka pamchombo kawirikawiri kamakhala konenepa mamilimita 1.6, pa paketi amalemba 14G, ndipo kutalika kwake kumakhala pafupifupi mamilimita 10. Konenepa kuposa bowo lanu kamang'amba, kopyapyala kwambiri kamacheka khungu ngati ulusi wa nayiloni pa sopo. Onaninso kumapeto kwake: zina zili ndi mazinga kunja ngati bawuti, ndipo mazingawo amakala mkati mwa bowo polowa. Zabwino n'zimene nsonga yake ndi yosalala, mazinga ali pa kampira.

Tsiku losintha likafika, ulendo woyamba pitani kwa amene anakuboolani akaone kaye ndi kukuonetsani. Mukamachita nokha, chitani mutangosamba khungu lili lofewa, m'manja mosamba ndi sopo, yatsopano ili pafupi yotsukidwa kale. Masulani kampira kapamwamba, kokerani yakale pansi, lowetsani yatsopano kuchokera pansi kupita pamwamba nthawi yomweyo. Musasiye bowo lopanda kanthu kuti mudzavala mawa, limachepa msanga modabwitsa. Ikakana kulowa, musalimbane nayo, bwezerani yakale. Ndipo zolendewera zija n'za paphwando pokha. Kulemera kwake kumakoka khungu, zimakodwa m'bulangete, musagone nazo.

M'miyezi yodikira, chisamaliro n'chosavuta kuposa mmene anthu amachipangira. Ife tinkagula ku pharmacy madzi amchere a m'botolo olembedwa normal saline 0.9%, kutsuka kawiri pa tsiku, n'kuumitsa ndi kagozi koyera, osati thaulo losambira. Sipiriti ndi mankhwala ena oluma amapsereza khungu lanthete limene thupi likuyesetsa kuyala. Mafuta opaka amatseka mpweya n'kugwira fumbi. Langizo lakale loti uzizunguza ndolo kuti isamatirire lisiyeni, limangokokera tinkhanambo mkati mwa bala. Pa Pasaka achinyamata a kutchalitchi anapita kunyanja ku Mangochi, mwana wanga anapita nawo koma anangonyowetsa miyendo. Analira pang'ono pobwera, koma madzi a m'nyanja, a mumtsinje ndi a m'damu losambira si a bala laliwisi.

Zinthu ziwiri ndikupempha musazichedwetse. Mukaona kuti khungu la pakati pa mabowo likupyapyala, kachitsulo kakuoneka kotalika kuposa kale kapena kakuonekera pansi pa khungu, thupi likukakankhira kunja. Pamenepo kudikira sikuthandiza, pitani akakachotse kasanang'ambe khungu n'kusiya chipsera chachikulu. China ndi chipsera chotupa chimene achipatala amati keloid, chija chimakula kupitirira bala lenilenilo, chimene timachiona m'makutu mwa anthu ena ngati kambatata. Chimagwira kwambiri anthu akhungu lakuda ndipo chimayenda m'magazi a banja. Ngati inu kapena abale anu muli nacho, ganizirani bwino musanaboole n'komwe, ndipo dziwani kuti kuvulaza bala mobwerezabwereza posinthasintha ndolo n'kuchiputa. Kutentha thupi, kufiira kofalikira pamimba, mafinya onunkha, zimenezo n'za kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa makolo anzanga, ndili ndi mlandu wanga woti ndiulule. Tsiku lina tikudya nsima ndinanenapo kuti mwana amene adzaboole mchombo pakhomo panga adzalongedze katundu. Ndinanena mwa mkwiyo wa nkhani ina, n'kuiwala. Iye sanaiwale. N'chifukwa chake anakhala masiku 9 ndi mafinya, akupita kukalasi, akuphika, akundimwetulira, n'kumafunsa nzeru kwa anzake a msinkhu wake. Akanabwera kwa ine tsiku loyamba bwenzi tilibe chipsera chimene ali nacho lero pamwamba pa mchombo. Mukhoza kudana nako kuboolako, n'kumuuza mwanayo maganizo anu momveka. Koma ngati waboola kale, funsani kuti anaboola liti, anaboola ndani, ndi singano yatsopano yotsegulidwa iye akuona kapena ayi, pakuti singano yobwerekana imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Kenako muziliona balalo ndi maso anu.

Inunso amene mumaboola m'masaluni, musamauze ana kuti mwezi umodzi papola pofuna kuti abwerenso kudzagula ndolo. Auzeni zoona asanagone pabedi lanu, kuti ndi ulendo wa chaka. Ena akamva amasintha maganizo, ndipo ndi ufulu wawo.

Mwana wanga anasintha ndolo yake mu Januwale wotsatira, patatha miyezi 11 chiikireni titanium ija. Ndinapita naye. Inalowa ngati ulusi m'bowo la singano yaikulu, osatuluka ngakhale dontho. Ku shopu kwanga tsopano, mtsikana akandinong'oneza zoti anaboola, ndimafunsa mwezi wake ndisanalembe muyeso. Ngati chaka sichinakwane, siketi yake ndimaidula kuti lamba akhale zala zitatu pansi pa mchombo, ndipo zipi ndimaika kumbuyo.

Ine wanu,
Mayi wosoka zovala,
Zomba