Lipoti la msonkhano wa ku sunagoge ku Glenhazel, dera la ku Joni

A Tcheya, akomiti ndi nonse a m'gulu lathu, moni. Ndabwerako kuja munandituma Lamulungu pa 7 September 2025, ndiye ndati ndilembe pompano zisanandithawe m'mutu poti ambiri simukanatha kupita chifukwa cha ntchito. Anatiitana ife amene timagwira ntchito m'nyumba za Ayuda kuno ku Joni kuti atifotokozere za nyengo yawo yopatulika imene ikubwerayi, ndipo ine ndinapita ndili ndi maganizo oti akukatiuza za kukhitchini basi, mbale za nyama apa za mkaka apo. Za kukhitchinizo zinatenga mphindi zochepa chabe, zambiri zinali zina.

Ndiyambe ndi madeti chifukwa akhudza ma ofu athu. Chaka chawo chatsopano, Rosh Hashanah, chiyamba madzulo a pa 22 September 2025 ndipo ndi masiku awiri, iwo akulowa chaka cha 5786. Yom Kippur, lija Tsiku la Chitetezero timawerenga pa Levitiko 16, iyamba madzulo a pa 1 October, amasala pafupifupi maola 25 osadya osamwa ngakhale madzi. Mwezi umene ali nawo panopa amautcha Elul, unayamba pa 25 August, ndiye kuchoka pamenepo kufika Yom Kippur ndi masiku pafupifupi 40, akuti ofanana ndi aja Mose anakhala pa phiri la Sinai kupepesera anthu atapembedza mwana wang'ombe wagolide. Amene mumadabwa kuti bwanji abwana akulawira kwambiri masiku ano, nkhani yake ndi imeneyi, m'mawa uliwonse kupatula Sabata kumalizidwa nyanga ya nkhosa yamphongo yotchedwa shofar ndipo amawerenga Salmo 27. Usiku wa Loweruka pa 13 September ayamba mapemphero opempha chikhululuko otchedwa Selichot, musadzadabwe geti ikamatseguka pakati pa usiku.

Nyangayo anatiimbira. Mnyamata wina anaitulutsa m'kathumba ka nsalu, kanyanga kopindika kosaposa mkono, anapukuta pakamwa pake ndi chala nkuuzira. Abale, si nyimbo ayi, kumakhala kulira, koyamba kwakutali kenako kodukaduka ngati munthu amene akusisima atatopa ndi kulira pamaliro. Tsemwe linandigwira. A rabi, mphunzitsi wa chipembedzo chawo, anati ntchito yake ndi kudzutsa ogona, munthu adzifufuze nthawi ikadalipo.

Koma chimene ndabwera nacho kwenikweni ndi ichi. A rabi anati m'chiphunzitso chawo Yom Kippur imafafaniza zimene walakwira Mulungu, koma zimene walakwira munthu mnzako sizifafanizika mpaka utapita kwa iyeyo kukamupepesa, ndipo ngati unamudyera ndalama uyambe wabweza. Kusala kwa maola 25 kuja sikungalowe m'malo mwa kugogoda pakhomo pa mnzako. Anatchula mphunzitsi wawo wakale Maimonides, amene anamwalira mu 1204, kuti analemba ndondomeko yake: akakana kukukhululukira utenge anzako atatu upitenso, mpaka katatu, akakanabe tchimo latsala kwa wokanayo. Ngati munthuyo anamwalira, umasonkhanitsa anthu khumi kupita nawo kumanda kwake nkukavomera kulakwa kwako pamaso pawo. Apa ndinakhala chete ndithu, chifukwa ife tazolowera kunena kuti ndazisiya m'manja mwa Mulungu pamene mnzathu tinamulakwirayo akukhala mseu wachiwiri kuchoka pathu ndipo nambala yake tili nayo mufoni.

Mayi wina wa ku Zimbabwe anakweza dzanja, anati adona ake chaka chilichonse nyengo ngati ino amamuuza kuti ngati ndakulakwira undikhululukire, koma malipiro amachedwa mwezi ndi mwezi, ndiye iye ayankhe chiyani? Muholo munangoti zii. Ine ndimayesa a rabi azemba funsolo koma ayi, anatsegula Levitiko 19:13 pamene pamati malipiro a wantchito asagone kwa iwe mpaka m'mawa, nkunena kuti kupepesa kopanda kukonza chimene chalakwika sikunafike pa teshuvah. Teshuvah ndi mawu awo a kulapa, tanthauzo lake ndi kubwerera, ndipo akuti umadziwika kuti wabwereradi ukakumananso ndi mpata womwe uja, mphamvu zochitira uli nazo, koma osachita. Anamuuza mayiyo kuti ali ndi ufulu woyankha mwaulemu kuti ndakhululuka koma tikonze za tsiku lolandira. Ndalemba izi dala chifukwa ndikudziwa ena mwa inu muli ndi vuto lomweli.

China chimene chinandigwira mtima ndi momwe amaululira machimo. Pa Yom Kippur onse amaimirira, kuwerama pang'ono, aliyense akudziguguda pachifuwa ndi chibakera, koma mawu ake sanena kuti ndachimwa, amati tachimwa, tachita zachinyengo, taba, tanena zoipa, mndandanda wonse motsatira alifabeti yawo. Ndinafunsa kuti nanga gogo amene sanabepo chibadwire anenerenji kuti taba? Yankho lake linali mawu a mu Talmud, mabuku awo akale a chiphunzitso, akuti kol Yisrael arevim zeh bazeh, kutanthauza kuti Aisraeli onse ndi oimirana. Mawu akuti arev ndi munthu uja amasayinira mnzake ngongole, ngati mmene zimakhalira ku banki nkhonde kuti wina akathawa, gulu limagwira amene anamuimira. Ndiye ngati unaona mnzako akupita kolakwika, mpata womuletsa unali nawo koma unangoti si nkhani yanga, nawe uli momo. Anapereka fanizo lakale la Rabi Shimon bar Yochai la anthu ali m'bwato, wina nkuyamba kuboola pansi pa mpando wake, anzake akumuletsa iye nkumati kodi si pampando panga? Ife a kunyanja fanizo limeneli silifuna womasulira.

Sindikuti tisinthe chipembedzo, iwonso sanatipemphe zimenezo ndipo ananeneratu kuti sakopa anthu. Koma ndili mu teksi pobwerera ndimaganiza za gulu lathuli. Chaka chatha titatumiza thupi la m'bale wathu kumudzi panatsala mawu, ena akuti zopereka sizinawerengedwe bwino, ena anasiya kusonkha, mabanja awiri mpaka pano sapatsana moni ngakhale timakhala benchi imodzi Lamulungu. Tonse tikudziwa, tonse tinangokhala chete, ine ndemwe ndinamva miseche ija ndipo sindinaletse aliyense. Madziwo akulowa m'bwato la tonse, mawa wina wa ife akagwa kuno thumba lidzapezeka lopanda kanthu.

Ndiye pempho langa ku komiti ndi lakuti tisanafike pa msonkhano wa October, amene ali ndi ngongole ya gulu akaonane ndi msungichuma maso ndi maso osati pa WhatsApp, ndipo a Tcheya asankhe akuluakulu atatu oti aperekeze aliyense amene akufuna kukapepesa koma akuopa kupita yekha. Ine ndayamba kale, dzulo ndinapita kwa mlongo wina amene ndinamuyankha mwamwano pa nkhani ya zopereka ija, tinakhala pakhomo pake mpaka mdima.

Pomaliza anatipatsa maapozi oviika mu uchi, akuti ndi mmene amafunirana chaka chokoma, ndipo mukafuna kuwalonjera mabwana anu nenani kuti Shana Tova, kutanthauza chaka chabwino. Pa R150 ya thiransipoti munandipatsa yatsala R40, ndidzapereka kwa msungichuma Lamulungu tikaweruka.