Liwu loti amusia silinena za bata

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokoze za liwu la Chingerezi loti amusia, lomwe ena akalimva amaganiza kuti likunena za bata la pamalo pamene sipakumveka nyimbo, pomwe nkhani yake ndi ina ndithu.

Gwero la liwuli ndi Chigiriki. Agiriki akale ankakhulupirira milungu yaikazi isanu ndi inayi, ana a Zeus ndi Mnemosyne, yomwe inkaninkha anthu luso la ndakatulo, kuimba, kuvina ndi kusunga mbiri, ndipo uliwonse unkatchedwa Mousa. Kumeneku n'komwe kudachokera music, liwu lomwe lidadzera m'Chilatini ndi m'Chifalansa lisanalowe m'Chingerezi, komanso museum. Mphatikiram'mbuyo a- ankagwira ntchito yonga ya -sa- wathu wa m'mawu oti wosadziwa, kotero amousia kudali kusayenderedwa ndi milungu ija, ndiye kuti umbuli wa munthu wosaphunzira. Lidali liwu lachitonzo. Liwu loti amuse, ngakhale limaoneka ngati lapachibale, lidachokera ku Chifalansa amuser ndipo silikhudzana nazo.

Mu 1888 dokotala wa ku Germany, August Knoblauch, adatenga liwu lakaleli nalipatsa ntchito yatsopano, yotchulira vuto la muubongo lomwe limachititsa munthu wa makutu abwinobwino kulephera kusiyanitsa mawu okwera ndi otsika a m'nyimbo. Ena amabadwa nalo, ena limawapeza atadwala sitiroko kapena atavulala m'mutu.

Chandilembetsa kalatayi n'chakuti chitonzo cha Agiriki chija chikadalipo pakati pathu. Ndili mphunzitsi wa kwaya pa mpingo wathu, padali mayi wina amene sankajomba, ankafika woyamba n'kusesa m'tchalitchi, ndipo mawu a nyimbo ankawaloweza onse, koma tikangoyamba kuimba ankapita kwakekwake. Ndinkamuimbira mawu awiri otalikirana bwino, iye n'kundiyang'ana m'maso n'kunena moona mtima kuti, "Aphunzitsi, ine ndikumva chimodzimodzi." Anzake ankatsinana n'kumaseka chamumtima, ndipo ine, poyesa kuti ndi mphwayi chabe, ndidamuimika kumbuyo n'kumuuza kuti azingogwedeza milomo. Patatha milungu itatu adasiya kubwera, ndipo dzina la vuto lomwe zizindikiro zake ndinkaziona ndi maso angawa ndidadzalidziwa papita zaka zambiri.

Mphunzitsi wa kwaya wopuma,
Zomba