Life Skills yongokhozera mayeso siyikuwauza ana athu kothawira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzi yanuyi pa nkhani ya maphunziro a Edzi omwe ana athu akulandira m'sukulumu. Ine ndine mayi wa ku Ndirande, ndili ndi mtsikana wa fomu 3 ndipo kope lake la Life Skills ndimaliona, ndi lodzadza bwinobwino, njira zotengera kachilombo, njira zopewera, kudziletsa, kukhulupirika, zonse analoweza mpaka amachita kulakatula, mayeso amakhozanso. Ndiye tsiku lina tikusadzula masamba ndinangomufunsa kuti iwe, munthu atakugwirira lero ungathamangire kuti, nanga pasanathe nthawi yaitali bwanji? Mwana anangoti kakasi. Akuti zimenezo sanaphunzire.

Sindinafunse mwamasewera ayi. Mnzake wina wa m'dera mwathu momwemuno anachitidwa chipongwe ndi chidyamakanda china chomwe chinkamupatsa ndalama za bandulo ndi za kabaza, mwanayo anabisa chifukwa cha mantha mpaka anadzaulula patatha sabata yathunthu. Kuchipatala anamulandira bwino ndithu koma anamuuza kuti mankhwala a PEP, aja amateteza munthu akakhala kuti wakumana ndi chiopsezo, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 nkumwa masiku 28, ndiye nthawi inali itadutsa kale. Masiku atatu okha abale. Mwana ameneyu Life Skills anayiyamba ku pulayimale koma palibe anamuuzapo zimenezi, ndipo nthawi yonse yodikira kukayezetsanso magazi ija mayi ake anaonda tikuona.

Sindikunena kuti phunziroli ndi lachabe. Ife tinakula maliro ali tsiku ndi tsiku, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, tinkaopa ngakhale kudyera mbale imodzi ndi wodwala ndipo ena ankati udzudzu umafalitsa. Ana a lero mabodza amenewo sawamvera, apa sukulu ndi makalabu a Edzi Toto anagwira ntchito, tiyamike. Koma kudziwa yankho la pa pepala ndi kwina, kudziwa chochita bambo wa galimoto akaima pa siteji iwe ulibe ya minibasi komanso kunyumba simunadye ndi kwinanso. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 pa 100 alionse m'dziko muno ali ndi kachilombo, mzinda wathu wa Blantyre ndi umene unali pamwamba, ndipo atsikana ndi amene akutenga kwambiri kuposa anyamata a msinkhu wawo. Akutenga kwa ndani? Kwa azibambo akuluakulu omwewa amene amati switi sadyera m'pepala.

Aphunzitsi sindikuwada. Kalasi yodzadza thothotho, mphunzitsi ndi bambo, atsikana akuseka kumbuyo, akafika pa mutu wa kondomu amangoti kawerengeni nokha notsi basi wadutsa. Ndipo ifenso makolo tili ndi mlandu, mphunzitsi akalimba mtima nkulankhula mosapsatira ndife oyamba kuthamangira kwa ahedi kuti akuphunzitsa ana zolaula, chonsecho kunyumba sitinena kanthu, ana nkumakaphunzira pa WhatsApp ndi kwa anzawo.

Chinanso chimandipweteka mtima, m'makalasi momwemo muli ana amene anabadwa nako kachilomboka, akumwa mankhwala mobisa tsiku lililonse, ndiye phunziro likamamveka ngati aliyense amene ali nako ndi wachiwerewere mwana wotereyu amamva bwanji? Ena amasiya kumwa kuopa kuti anzawo a ku hostel awaona. Bwanji osawauza onse poyera kuti munthu amene akumwa mankhwala mwandondomeko mpaka kachilombo kosaoneka m'magazi sapatsira mnzake pogonana, zingachepetse kusalana komanso zingalimbikitse amene akumwawo.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zamaphunziro ndi a Zaumoyo ndi loti agwirane manja, anamwino azibwera kusukulu ngakhale kamodzi pa teremu, atsikana paokha anyamata paokha, ana azilemba mafunso pa timapepala osalemba dzina kuti manyazi asawatseke pakamwa. Awauze kuti lamulo limalola mwana wa zaka 13 kukayezetsa magazi payekha, awauze za PEP ndi maola 72 aja, awauze chipatala chapafupi ndi khomo lenileni lolowera akafika, kaya ndi ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Bangwe kapena ku Limbe. Ndipo ife makolo atiyitaneko tsiku limenelo tikamve nawo, chifukwa ineyo za PEP ndinazidziwira pa tsoka la mwana wa mnzanga.

Mayi wokhudzidwa,
Ndirande, Blantyre