Kwa Takondwa, kuchokera ku Guatemala

Takondwa mwana wanga,

Uli bwanji? Amayi ako andiuza pa WhatsApp kuti wakhoza mayeso a teremu ino, wachita bwino zedi. Ine ndili bwino, kungoti miyendo ikundiwawa mpaka lero, ukamva chifukwa chake undiseka.

Loweruka lapitali ndinapita ku Tikal, mzinda wakalekale wa anthu a mtundu wa Maya, uli pakati pa nkhalango yowirira kumpoto kwa dziko lino. Tinanyamuka ku tauni ya Flores pa minibasi kunja kusanache, ndiye tikungolowa m'nkhalango muja ndinamva chinthu chikubangula, ine mtima phaa ndimvekere mkango uwo tathawani, bambo otilondolera akungoseka akuti mayi khalani phee, ndi apusi amenewo. Eti apusi akuda, osakulanso kwenikweni, koma mawu ake!

Kenako anatikweza pa kachisi wamtali kuposa onse, amangomutchula kuti Temple IV, mamita pafupifupi 70. Masitepe ake ndi amatabwa ndipo ine ndinapuma katatu konse, tiana tamsinkhu wako tikungondipitirira. Pamwamba paja ukayang'ana ndi mitengo yokhayokha mpaka uko, nsonga za akachisi ena zitangotulukira ngati zulu m'munda.

Pansi pa kachisi wina, Temple I, anaikapo mfumu Jasaw Chan K'awiil, tayesa kutchula dzinalo ndimve kkkk. Imeneyi ndi imene inagonjetsa adani awo a mzinda wa Calakmul mu 695, m'manda mwake anapezamo mikanda yambirimbiri ya mwala wobiriwira.

Koma chimene chinandizunguza mutu ine ndi madzi. Mzinda wonse uja, anthu masauzande ambirimbiri, analibe mtsinje ngakhale umodzi. Ankadalira mvula basi. Ukudziwa mmene agogo amatchera ndowa pansi pa malata mvula ikayamba? Iwowa anachita chimodzimodzi koma mzinda wonse, mabwalo awo anawazira ndi laimu mopendekeka pang'ono kuti madzi azitsetserekera m'madamu amene anakumba, ndiye ankamwa omwewo chilimwe chonse. Ndinaima m'mbali mwa damu lina kwa nthawi ndithu, ndikuganiza za azimayi amene ankabwera kudzatunga pamenepo.

M'zaka za m'ma 800 mvula inayamba kuvuta, nkhondo nazonso sizimatha. Mwala womaliza umene anasemapo deti ndi wa chaka cha 869, kenako anthu anayamba kusamuka pang'onopang'ono, mitengo nkumera mpaka pa madenga. Mu 1848 ndi pamene Modesto Méndez ndi Ambrosio Tut anakafikako nkukauza boma, ngakhale anthu okhala chakufupi ankadziwa kale kuti kuli mabwinja.

Usaganize kuti a Maya anatha ayi, alipo ambiri ndipo zilankhulo zawo akulankhulabe. Chimanga cha nsima yako ija kwawo ndi chigawo chino, chinayambira cha ku Mexico, kungoti kuno ufa wake amaumba timikate topyapyala totchedwa tortilla nkuotcha pa chiwaya. Ndikudya ndithu koma sindikhuta, ndalakalaka nsima ya matemba.

Ndakugulira kachidole ka nyalugwe wa kuno, amati jaguar, ndibwera nako pa Khirisimasi. Upereke moni kwa agogo, ndipo undijambulire kachisi mmene ukumuganizira, amayi ako anditumizire pa foni.

Ndine azakhali ako