Ethanol wa chimanga si woyera monga akunenera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa maganizo oti ethanol wopangidwa kuchokera ku chimanga angathetse vuto la utsi wa magalimoto.

Ku America, lamulo la Renewable Fuel Standard la 2005, lomwe analikulitsa mu 2007, limakakamiza makampani kusakaniza ethanol mu petulo. Lero pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga cha dzikolo limathera m'mafakitale a ethanol, makamaka m'chigawo cha Iowa. Alimi akumeneko apindula, palibe angakane, ndipo zotsalira za chimangacho popanga ethanol amadyetsa ng'ombe.

Koma utsi tisamangouwerengera pamene ukutuluka m'galimoto. Chimanga chimafuna feteleza wambiri. Fetelezayo amapangidwa ndi gasi, akathiridwa m'munda amatulutsanso mpweya wotenthetsa dziko, ndipo wina amakokoloka ndi mvula kulowa mumtsinje wa Mississippi n'kukawononga madzi a kunyanja. Fakitale nayo imayatsa gasi potcheza ethanol. Onjezanipo malo a msipu omwe anasandutsidwa minda mitengo ya chimanga itakwera. Akatswiri mpaka lero akutsutsana: kafukufuku wina wa 2022 anapeza kuti ethanol ameneyu saposa petulo pa ukhondo, pomwe unduna wa zaulimi wa dzikolo umati amaposa. Bola njira ya ku California, yoyeza mafuta aliwonse kuyambira kumunda mpaka mu injini.

Kwathu kuno, ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amachokera ku molasesi, zotsalira popanga shuga. Boma likafuna kuwonjezera ethanol mu petulo, lilimbikitse ulimi wa nzimbe, chimanga lisachikhudze.

Wowerenga wanu,
Zomba