Kwa Mwana Wanga wa Miyendo Yopupuluma

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti Lamlungu unalowa m'tchalitchi ukutsimphina, ati misongolo ikuwawa. Amayi ako sanagone. Ine sindinadabwe, chifukwa mnzako uja wa wotchi yodula ndikumudziwa. M'mamawa ulionse pa Great East Road mumayamba kuthamanga ngati anthu, mukafika ku Manda Hill wasanduka mpikisano, madzulo n'kumaonetsana manambala pa WhatsApp. Iye akuthamangira foni, iwe ukukonzekera marathon, mpikisano wa makilomita 42. Ukathyoka, kodi adzakulipirira ndi iyeyo kuchipatala?

Kuthamanga pang'onopang'ono si ulesi. Ndi kumene kumalimbitsa mtima kuti uzipopa magazi ambiri ukagunda kamodzi, timitsempha ta magazi timachuluka m'minofu, thupi n'kuphunzira kugwiritsa ntchito mafuta ake m'malo motha mphamvu msanga. Komanso mtima ndi mapapo zimazolowera mwachangu, pamene mafupa ndi mfundo za miyendo zimatsalira m'mbuyo. Ululu wakowo wachokera pamenepo. Nyemba zimapsa ndi moto wofatsa wa pa mbaula, ukasonkhezera kwambiri umangopsereza poto.

Unali choncho kuyambira kale. Tikakutuma mabanzi pa kantemba kuno ku Matero, unkabwera maondo ali magazi, chenji utataya.

Ndikudziwa unditchulira Samuel Matete. Inde, tinafuula mu 1991 atapambana ku Tokyo, koma iye ankathamanga mamita 400 modumpha zotchinga, masekondi osakwana 48 ntchito yatha. Wako ndi ulendo wina. Ona Eliud Kipchoge wa ku Kenya, amene anamaliza marathon m'maola osakwana awiri, 1:59:40, ku Vienna mu 2019. Ku Kaptagat, kumene amakonzekerera mipikisano, masiku opepuka amayamba modekha moti ngakhale iweyo ungamutsatire. Akatswiri a mtunda wautali, pafupifupi maulendo anayi mwa asanu alionse amathamanga mofatsa, liwiro amalisungira masiku ochepa. Tsono mnzakoyo ndi ndani?

Ukamathamanga uzitha kuyankhula chiganizo chonse osabanika. Zikakanika, chepetsa. Akakusiya m'mbuyo, musiye apite, sadzakupatsa mendulo. Ndi kutentha kwa Okutobala kukubweraku, uzituluka dzuwa lisanakwere, madzi uzimwa.

Koma poyamba pumitsa mwendowo, ukaonetse kwa dokotala usanavalenso nsapato. Ubwere Loweruka, amayi ako akuti aphika chibwabwa chotendera. Ukwere minibasi, usabwere wothamanga. Mnzakoyo ubwere naye ngati ukufuna, ndili naye mawu.

Ndine,
Atate ako