Kalata kwa Dalitso ku Chicago

Wokondedwa Dalitso,

Chithunzi chija chafika. Ndakuona utaima pa chiboliboli cha Michael Jordan ku United Center, bwalo la timu ya basketball ya Chicago Bulls, jekete utakoka mpaka m'makutu, ndipo mtima wanga wathamangira ku jezi yofiira ija tinagula pa kaunjika, ya nambala 23, imene tinkabwerekana Loweruka lililonse mpaka manambala anayamba kusupuka. Ndasangalala kwambiri kuti wafika pomwepo.

Koma pali munthu amene sunamutchule m'uthenga wako, ndiye wandichititsa kuti ndilembe kalatayi. Ndikunena Scottie Pippen.

Timu ya Bulls inayamba mu 1966, ndipo kwa zaka zambiri sinatengepo chikho cha NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America. Jordan anabwera mu 1984, atasankhidwa wachitatu, pambuyo pa Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria ndi Sam Bowie. Mapointi ankagoletsa ochuluka zedi, anthu n'kumadzaza bwalo, koma chikho ayi. Detroit Pistons inawatulutsa zaka zitatu zotsatizana, 1988, 1989 ndi 1990, ndipo Jordan ankamugwetsa pansi akangoyandikira pagolo. Chikho choyamba chinabwera mu 1991, kochi ali Phil Jackson, Pippen atakhwima.

Pippen anakulira ku Hamburg, katauni kakang'ono ka ku Arkansas, chitsirizira m'banja la ana 12. Bambo ake anadwala sitiroko, mchimwene wake wina anali wolumala. Ndiye mu 1991 atamupatsa mgwirizano wa zaka 7 wa madola pafupifupi 18 miliyoni, anasaina poopa kuti akavulala abale ake adzasowa pogwira. Ndalama mu ligi zitakwera, iye anatsalira pomwepo, akulandira zochepa kuposa osewera ambiri amene sankafika pa msinkhu wake. Nkhani imeneyi imandikhudza, Dalitso, chifukwa iwe ndi ine tikudziwa mmene zimakhalira pakhomo ponse pakamayang'ana munthu mmodzi.

M'fainolo ya 1991, amene anamutseka Magic Johnson wa Lakers mpaka kusowa popatsira mpira anali Pippen. Ndipo Jordan atasiya basketball mu 1993, bambo ake ataphedwa, n'kupita kukasewera baseball, anthu ankati Bulls yatha. Pippen anaitsogolera n'kupambana masewero 55 mwa 82. Chikho sanatenge, anagonja kwa New York Knicks, koma ine chaka chimenecho ndimachilemekeza kuposa zina zimene anatenga chikho.

Zotsatira ukuzidziwa: Jordan anabwerera mu 1995, Dennis Rodman anabwera ndi tsitsi lake lamitundumitundu, ndipo mu 1996 anapambana masewero 72 n'kugonja 10 okha. Zikho zonse zinakwana 6, chomaliza mu 1998 atagonjetsa Utah Jazz. Pa osewera onse, Jordan ndi Pippen okha ndi amene analipo pa zikho zonsezo. Timu itabalalika, chikho sichinabwererenso ku Chicago. Derrick Rose anatipatsa chiyembekezo mu 2011 pomwe anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse ali ndi zaka 22, koma chaka chotsatira bondo linamuvulala, ndipo sanabwererenso mwakale. Luol Deng, wobadwira ku Wau ku South Sudan, anasewerera Bulls zaka pafupifupi 10, ndipo pambuyo pake anabwerera kukadzutsa timu ya kwawo mpaka inafika ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024.

Ndiye ndikupemphe chinthu chimodzi. Ukadzalowa kukaonera masewero, udzayang'ane kudenga kumene anapachika manambala a osewera amene timuyi imawalemekeza. Pali 23, pali 4 ya Jerry Sloan, palinso 33 ya Pippen. Udzandijambulire 33.

Amayi ako ndinawaona Lamulungu kutchalitchi, ali bwino, angodandaula kuti sukuimba foni pafupipafupi. Uwaimbire sabata ino. Uzivala zofunda, ndipo undipatsire moni alamu.

Ndine mnzako,
Kondwani